Ndalama yosainira ya mwana wathu

Kwathu mwana akalandira malipiro ake oyamba sadya yekha. Amapita nawo kwa makolo, kugwada, n'kupereka ndi manja awiri, ndipo makolo amamudalitsa. Amuna anga anafotokozera mwana wathu mwambo umenewu mpaka kumugonthetsa m'kutu: momwe iwo anagulira bambo awo jekete, momwe mkuluyo anawagwirira pamutu.

Mnyamatayo anakulira ku Blanchardstown, kuno kutsidya kwa nyanja, mpira uli kuphazi. Chaka chimene timu ina ya mu ligi yaikulu ya kuno inamuitana, chuma cha dziko chinali chitagwa. Amuna anga anali atachotsedwa ntchito yomanga nyumba, ndipo banja lonse linkayang'ana ine, wosamalira okalamba ku Beaumont. Iwo ankadzukabe m'mamawa, kusita shati, n'kukhala pampando tsiku lonse. Ndinkawamvera chisoni, komanso nthawi zina ankandipsetsa mtima.

Matimu nawonso zinthu zinali zitawathina. Panali lamulo loti malipiro a osewera asapitirire gawo lina la ndalama zimene timu ikupeza. Anthu atachepa m'mabwalo, matimu anataya osewera odula n'kumatola anyamata otchipa. Tisanamizane, mwayi wa mwana wathu unali umenewo. Ndalama ya pasabata inali yongogulira sopo, koma tsiku losaina anamupatsa kangachepe kapadera kothokoza kuti wavomera.

Mwanayo anandipeza kukhitchini. "Mam, how do I say it?" anafunsa. Chichewa amamva chonse, koma kuti ayankhule, lilime limalemera. Ndinamuphunzitsa mawuwo akubwereza, ine ndikuseka.

Analowa pabalaza, nagwada thupi lonse lija, envulopu ili m'manja awiri. "Adadi, landirani. Ndi yoyamba."

Bambo ake anangoyang'ana kukhoma. "Dzuka," anatero. "Sunga."

Mwana anadzuka pang'onopang'ono n'kutuluka panja. Ine mtima unandiwira.

"Bambo ake, mwachitiranji zimenezi? Si inu nomwe munamuphunzitsa?"

"Bambo anga polandira jekete ija nkhokwe zawo zinali zodzaza," anandiyankha. "Umenewo unali ulemu. Ine ndikalandira lero ndi chithandizo. Ndikapeza job, abweretse."

"Ndiye muuzeni choncho!"

Sanamuuze. Ndinayesa kumufotokozera ndekha, koma mwanayo anangogwedeza mapewa. Iye anatsimikiza kuti bambo ake amanyoza mpira. Nyengo yonse yozizira anthu awiriwo ankangopatsana moni ngati alendo a m'basi.

Patapita miyezi, amuna anga anapeza ntchito yaulonda kumasitolo akuluakulu. Atalandira malipiro anabwera akuimba kanyimbo ka kutchalitchi. "Mayi ake, muuzeni abwere nayo envulopu ija Sunday tikachoka ku church."

Ndinamupeza kuseri kwa nyumba akutsuka nsapato za mpira.

"It's gone, Mam," anatero osatukula mutu.

"Wadyera chiyani, iwe? Fotokoza!"

Anafotokoza. Miyezi yonse ija ine ndinkapereka lendi yoperewera, mwini nyumba osadandaula, mpaka ndinkamupempherera kuti ndi munthu wa Mulungu. Chonsecho yotsalayo ankakapereka ndi mwana wanga, mwakachetechete, mpaka envulopu inauma. Ndinakhala pansi pasitepe yonyowa, manyazi ndi chisoni zitandigwira.

"Musawauze, Mam," anatero m'Chichewa chake cholemera chija. "Please."

Lamlungu amuna anga anakhala pabalaza kudikira. Mwana anatsika ndi chikwama chake, nawapatsa moni mwaulemu, n'kupita kumpira. Bambo ake anayang'ana chitseko nthawi yaitali, kenako anandipempha tiyi.

Mpaka lero amakhulupirira kuti mwana wawo anawasungira chakukhosi, ndipo zimawapweteka. Ndinamufunsapo mnyamatayo, amene pano ndi bambo payekha, ngati tingawauze tsopano. Anakana. Akuti bola azimuyesa mwana wamwano kusiyana n'kuti adziwe amene ankawagoneka m'nyumba chaka chimenecho.