Kolona m'thumba la diresi

Lero m'mawa ndikuchapa diresi la mwana wanga, m'thumba ndapezamo mkanda wa kolona, ija amapempherera Akatolika. Ndayang'ana uku ndi uku kuopa kuti bambo ake angaone, poti ife ndife Asilamu. Kenako ndayamba kuseka ndekha, chifukwa inenso zinandionekera.

Ndinali Sitandade 3. Tikusamba kunyanja, mnzanga wachikatolika anandisungitsa kolona yake, ulusi wake utatha kale, ine n'kuiwala kubweza, n'kuthamangira nayo ku madrasa, sukulu yathu ya Chisilamu. Tili pamphasa tikulakatula, ndinasolola kansalu kopukutira thukuta, ulusi uja n'kuduka, mikanda mbwee pansi, kamtanda n'kukagwera paphazi penipeni pa a mwalimu.

Chikwapu chinali pambali pawo, ine maso ali pomwepo.

"Ya ndani iyi?"

"Ya mnzanga, a mwalimu. Anandisungitsa."

"Ndiye cha mwini umasunga choncho? Tolani nonse, usasowe ndi umodzi womwe. Mwini wake amatchulira Mulungu pamenepa."

Tinakwawa m'chipinda monse kusaka mikanda, mpaka m'nsapato za pakhomo. A mwalimu analinso msodzi, m'thumba la mkanjo wawo simunkasowa ulusi wa ukonde. Anatunga mkanda umodziumodzi, n'kumanga mfundo, n'kuikoka ndi mano.

"Ukampatse ndi manja awiri. Ukamuuzenso kuti ansembe awo mfundo sadziwa, abwere ndidzawaphunzitse."

Ndinatuluka ndikuthamanga, manja onse awiri atafumbata kolona ija, ikununkha matemba.