Bagi ya Adadi ndi Mtanda wa Sopo

Ndikukumbukira kuti ndege ndinaikwera koyamba chifukwa cha galimoto yopanda zitseko. Ndinali Sitandade 6 ku Kasungu, ndipo adadi anali atatha zaka zinayi ku Doha, akuyendetsa galimoto kwa bwana wina wachiarabu. Pa zithunzi zonse zimene ankatumiza pa foni ya amayi, ine ndinkakonda chimodzi: adadi atakhala mu bagi yofiira pamwamba pa phiri la mchenga, magalasi akuda kumaso, dzanja limodzi pa chiwongolero. Bagi, kwa amene simunaione, ndi galimoto imene anaiwala kuimaliza. Mapaipi okhaokha, mipando iwiri, matayala onenepa, injini ili pambalambanda kumbuyo. Pansi pa chithunzicho adadi analemba kuti, "Kagalimoto kanga ka pa wikendi." Kusukulu ndinauza aliyense, ngakhale amene sanandifunse.

Zoona zake ndineneretu, poti tonse pano ndife akuluakulu. Bagiyo inali ya mwana wa abwana. Ntchito ya adadi inali kuikoka pa ngolo, kuithira mafuta ndi kuipukuta, basi. Kuiyendetsa kunali koletsedwa, ndipo dalaivala amene analipo iwo asanafike anabwezedwa kwawo pa mlandu womwewo. Ine zonsezi sindinkazidziwa.

Pa holide ya Disembala mkazi wa abwana anawachitira chifundo adadi, nandikonzera mapepala oti ndikawaone kwa milungu iwiri. Ndinapita ndi azakhali amene ankagwira ntchito pa hotela ku West Bay, ndipo ndinkagona kwawo ku Al Sadd, m'chipinda cha amayi anayi, ine wachisanu. Nthawi imeneyo sitima yapansi pa nthaka anali akuikumbira kumene njira, mzinda wonse unali mipanda ndi fumbi. Nyumba zitalizitalizo ine ndinalibe nazo ntchito. Funso langa linali limodzi tsiku lililonse: bagi ili kuti? Adadi ankati ili ku sevisi. Itatha sabata yonse ili ku sevisi, ndinalira kulira kwamwano, kogudubuzika pansi, mpaka anagonja.

Linali Lachisanu, tsiku limene kumeneko anthu amapuma. Adadi anatumidwa kukasiya bagi ku msasa wa abwana kuchipululu, m'mbali mwa nyanja, kuti banja lonse likaipeze masana likachoka ku mzikiti. Anandinyamula m'mamawa. M'manja ndinali ndi kaphukusi kamene amayi anawatumizira, kamene ndinkangokaiwala m'chikwama masiku onsewo. Munali chiponde, tsabola, ndi mtanda wa sopo wochapira, wobiriwira uja wolimba ngati njerwa. Adadi ataona sopoyo anaseka, nati amayi akuganiza kuti kuno anthu amachapa ndi mchenga. Anamuponya pa mpando wakumbuyo wa galimoto yokokera ngolo.

Msasawo unali wa matenti akuluakulu oyala makapeti, jenereta ikulira kuseri. Mlonda wake anali a Jumbe a ku Machinga, munthu wamfupi wosatseka pakamwa, amene kwathu anali kondakitala wa minibasi. Atamva zimene adadi akufuna kuchita, anawakokera pambali, koma a Jumbe sankadziwa kunong'ona.

"Achimwene, mudiru akadziwa ndi halasi. Akukanselani viza lero lomwe."

"Faivi minitsi basi. Mwanayu wachokera kutali."

Mudiru ndiye bwana, halasi ndiye kuti zatha. Ine ndinangoganiza kuti ndi mayina a anzawo.

Faivi minitsi imeneyo sindidzaiiwala. Mphepo inandilowa m'kamwa ndi m'mphuno, mchenga unandikwapula m'masaya, ndipo potsika phiri loyamba mimba inatsalira pamwamba. Adadi ankayendetsa ngati munthu amene waiyang'anira galimoto zaka zinayi akumeza malovu. Ankafuula nyimbo ya kutchalitchi. Pobwerera, msasa tikuuona apo, pansi panamveka kho! Chinali chikhomo chachitsulo cha tenti yakale, chokwiririka mumchenga. Titaima ndinamva fungo la petulo. Adadi anagwada kusuzumira pansi, ndipo anakhala chogwada nthawi yaitali. Thanki inali ikudontha mosafulumira, dontho, dontho, mchenga ukumwa.

"Adadi, si yanu kodi? Mudzakonza mawa."

Anandiyang'ana. Thukuta linali litatsika mpaka pachibwano. "Ndi yanga, inde. Koma pali alendo amene ndawalonjeza kuti ndiwabwereka masana ano."

A Jumbe anatenga udindo nthawi yomweyo. Anati iwo thanki ya minibasi anaimatapo pa Liwonde anthu ali momwemo, mbuzi zili pansi pa mipando, ndipo mankhwala ake ndi amodzi: sopo. Petulo amasungunula zinthu zambiri, koma amaopa sopo. Tinalowa m'matenti kusaka sopo. Tinapeza wa fungo la maluwa, wa fungo la mandimu, wina wonyezimira ngati golide, koma yense wamadzi, wa m'mabotolo opopa. Dziko lolemera chonchija linalibe sopo woti munthu n'kumugwira m'manja. A Jumbe anatukwana chitukuko.

Kenaka anati chingamu. M'tenti ya ana munali paketi yathunthu, ndipo anatigawira ine ndi adadi, iwo nakana kutafuna ponena kuti ndi a supavaiza. Tinakhala pa kapeti ya anthu, bambo ndi mwana wake, masaya ali tutumu, kutafuna mothamanga osayankhulana. Nsagwada zinandiwawa mpaka m'makutu. Tinaumba chimpira chimodzi, adadi nachikankhira pa bowo ndi kamtengo. Petulo anachisandutsa phala tisanamalize kupuma.

Anayesanso tende, zipatso zotsekemera zija za kanjedza. A Jumbe anazisinja m'kapu ndi kumbuyo kwa supuni, ponena kuti Aarabu sakanazikonda chotere zikanakhala zopanda ntchito. Zinagwira pang'ono, kenaka zinagwera adadi pamphumi. Zotsala m'kapumo a Jumbe anadya, kuti zisaonongeke.

Dzuwa linali litafika pamutu. Adadi ankangoyang'ana wotchi ndi njira, wotchi ndi njira. Ndinali ndisanawaonepo akuchita mantha, ndipo zinandisowetsa mtendere. Mpamene ndinafunsa ndi mawu aang'ono ngati sopo wa amayi uja sangathandize. Anathamangira ku galimoto yokokera ngolo ija, nsapato imodzi inatsala mumchenga.

A Jumbe anamulandira sopoyo ndi manja awiri, namununkhiza atatsinzina. Anapala pang'ono ndi mpeni, kuthira kashuga, kulavulira, n'kukanda mpaka anafewa ngati dongo. Vuto linali lakuti bowolo linali pamwamba pa chitsulo chotchingira thanki, pampata poti dzanja la munthu wamkulu silikanalowa. Onse awiri anayang'ana manja awo, kenaka anayang'ana anga. Ndinagona chagada mumchenga wotentha, diresi langa la Khirisimasi lomwelo, ndikulowetsa dzanja. Petulo ankatsika ndi mkono mpaka pachigongono, wozizira modabwitsa. Ndinapapasa mpaka chala chinapeza kabowo, kochepa kuposa njere ya chimanga. Ndinakanikiza sopo, kuwonjezera wina, kukanikizanso, a Jumbe akundilangiza za mbali imene iwo sankaiona. Pomaliza anati mtanda wonse wotsalawo ndiupanikize pampatapo kuti uchirikize chigambacho. Tinagona atatu pansi pa bagi kudikira dontho lina. Silinabwere.

Linatsala fungo. Tinakwirira mchenga wonyowawo, koma mphuno inkakanabe. Tili mkati mokwirira, a Jumbe anatulukira m'tenti atanyamula kambale ka makala amoto, lubani akufuka, akulunjika ku bagi kuti akainunkhiritse. Adadi anaona motowo. Anawathamangira n'kuwagwetsa pansi ndi kambale komwe, onse awiri n'kugubuduka. Atadzuka, a Jumbe anasasa mchenga m'makutu nati chabwino, nawonso anali atayamba kukayika.

Alendo aja anafika pa magalimoto atatu. Adadi anathamanga kukatsegula zitseko, kunyamula mabasiketi, kenaka anaima pambali manja ali kumbuyo. Ndinaona, koma ndinati ndi ulemu wa kwathu. Mnyamata wina wa zaka ngati khumi ndi zinayi anatsika, osapereka moni, nakwera bagi n'kuiliza. Chinandiwawa. Anakwera mapiri, anatsika, anazungulira, ndipo bagi ikadumpha mapewa a adadi nawo ankadumpha. Sopo wa amayi anagwira. Bagi inabwera kudzathiridwa mafuta, inapitanso, pansi pali gwa.

Zikanathera pomwepo ndikanakhala mwana wofatsa. Koma mnyamatayo ataima kuti amwe madzi, ndinapita kukamuuza m'Chingerezi changa cha Sitandade 6 kuti aziyendetsa pang'onopang'ono, chifukwa galimotoyo ndi ya adadi anga ndipo angomubwereka. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, naseka. Pofuna kundionetsa, anailunjikitsa kunyanja, nayamba kuthamanga m'mphepete mwenimweni, madzi akuthovoka mbali zonse. A Jumbe anagwira mutu. Sopo saopa petulo, zoona, koma iwo pa Liwonde paja anamata m'chilimwe.

Bagi inabwerera ikutuluka thovu. Loyera, lambiri, likutsika pansi pa thanki ndi kusiya mzere mumchenga kuchokera kunyanja. Inatsokomola, n'kuzima kutsogolo kwenikweni kwa tenti imene azibambo ankamwera khofi. Panamveka fungo la petulo ndi fungo la Loweruka la kwathu, tsiku lochapa. Abwana anadzuka, bambo wathupi wa mkanjo woyera. Ananjuta, anaviika chala m'thovumo, nanunkhiza. Mnyamata uja ankayankhula Chiarabu mothamanga akundiloza ine. A Jumbe mwadzidzidzi anapeza kuti jenereta ikufunika kuyang'aniridwa.

Abwana anawaitana adadi ndi dzina lawo loyamba, limene ngakhale amayi salitchula. Ankayankhula Chingerezi, ndipo ine ndinali kuseri kwa tayala, pafupi kuposa mmene ankaganizira. Adadi sananame. Anati anaiyendetsa, anaiboola, anaimata ndi sopo wochokera ku Malawi. Abwana anafunsa chifukwa chake, poti lamulo ankalidziwa. Adadi anatsitsa mawu.

"Mwanayu amadziwa kuti ndi yanga, bwana. Ndinamuuza ndine."

Ndinamva mawu onse. Ndinachita manyazi, ndinakwiya, koma chachikulu ndinawamvera chisoni adadi, chisoni chimene ndinali ndisanamverepo munthu wamkulu. Ndinazindikiranso zimene a Jumbe ankatanthauza m'mawa muja, kuti mwina pa ndege yobwerera tikhala awiri, ndipo chifukwa chake ndi ine ndi kulira kwanga.

Abwana anatembenukira kuseri kwa tayala kuja. Anandiyang'ana, diresi lamchenga, mkono wobiriwira mpaka pachigongono. Kenaka anakweza mawu kuti aliyense amve.

"Wyson, galimoto yako yaonongeka. Pepa, mwana wangayu sayendetsa bwino. Uikonze msanga, inshala, Mulungu akalola, Lachisanu likubwerali utibwerekenso."

Atatero anatambasula dzanja, adadi nazula makiyi a bagi n'kuikamo. Musaganize kuti anali mngelo. Makiyiwo adadi sanawagwirenso mpaka anamaliza kontirakiti, ndipo masana amenewo bagi anaikankhira pa ngolo awiri okha ndi a Jumbe, alendo akuseka ndi kujambula thovu pa mafoni. Koma ntchito inatsala.

Tinauyamba ulendo wobwerera ku Doha. Bagi inkagogoda kumbuyo pa ngolo. Adadi maso anali pamsewu, manja onse awiri pa chiwongolero, ndipo ndinkaona kuti akufunafuna poyambira. Nyumba zitalizitali zitayamba kuoneka patsogolo, anatsegula pakamwa. Ndinawatsogolera.

"Adadi, anthu amenewa musamawabwerekenso. Sasamala zinthu za eni."

Anayamba kuseka chapansipansi, kenaka kwambiri, mpaka anaimika galimoto m'mbali mwa msewu. Anaseka atatsamira chiwongolero, akupukuta m'maso ndi mkono wa malaya, ndipo kumapeto kwake sikunalinso kuseka. Ine ndinayang'ana pawindo kuwapatsa mpata.

Masiku ano zotere sizingachitike. Mwana amaimba foni ya vidiyo, naona yekha bedi losanjikiza la bambo ake, yunifolomu ili pa msomali, anzawo akudutsa kumbuyo atavala matawulo. Ana a masiku ano amadziwa zoona msanga, ndipo mwina nzabwino. Ife tinkalandira chithunzi chimodzi pamwezi, ndipo azibambo athu ankatitumizira zimene ankalakalaka atakhala nazo, chifukwa zimene analinazo zinali zowawa kuzionetsa mwana. Adadi anabwerera kwathu kalekale, tsitsi layera. Sanandiuzepo kuti bagi ija sinali yawo, inenso sindinawafunsepo. Alendo akabwera, nkhani ikafika pa Doha, amayamba kuti, "Galimoto yanga ija itaboola thanki," kenaka amatembenuka kundiyang'ana. Ine ndimavomera kuti inde, ndinalipo, ndipo ndinamata ndine.