Pampu Yapadera ya a Elifas

A Elifas, mlamu wanga, anakalambira pa mapampu a madzi ku fakitale ya zitsulo ya ku Redcliff, kuno ku Zimbabwe. Ntchito inatha kalekale, koma lamulo lake linawalowa m'mafupa: pampu yapadera, yodikirira tsiku limene inzake yafa, ngati sunailize si pampu, n'chitsulo chabe.

Mwana wawo Chiedza atawatumizira laputopu yakale kuchokera ku Gweru, a Elifas anayamba kuzungulira m'komboni mwathu mwa Torwood kujambula mawu a nkhalamba zathu zobadwira ku Malawi. Mafunso anali atatu: mudzi, mfumu yake, ndi potsikira basi. Ana athu Chishona amachithyola bwino, koma kwawo kwa makolo sakudziwa.

Chiedza anawapatsanso kadisiki kofiira ka chingwe, kokoperamo kompyuta yonse yathunthu, moti ikhoza kuyakira pomwepo. Loweruka lililonse a Elifas ankakopera, n'kuzimitsa, n'kuiyatsira pa kofiirako kuti aone ngati kakugwira. Akatero ankadzakasungitsa kwanga m'chitini cha mabisiketi, ati moto ukabuka kwawo, kwanga kutsala.

Ndisaname, ndinkawaseka. "Alamu, mwatsegula fakitale ina?"

"Sekani, mano ndi anu," ankatero.

Chaka chatha Dorah, mwana wa malemu a Sixpence, anaganiza zokaona kwawo kwa bambo ake. Ali moyo sanawafunse njira, koma iwo anali atasiya mawu kwa a Elifas. Tikiti Dorah anali atagula kale, ulendo Lolemba. Lamlungu titaweruka kutchalitchi anabwera kudzamvera. A Elifas anayatsa laputopu. Inangolira kete kete, galasi lili bii. Disiki ya m'kati inali itafa.

Dorah anakhala pansi. "Sekuru, zvapera here? Zatha basi? Ndiye kuti bambo amwalira kawiri?"

Mawu amenewo anandilasa mtima. Koma mlamu wangayo anangovula jekete. "Alamu, chitini chija."

Ndinathamanga, ine wa nyamakazi, nsapato za kutchalitchi zili m'manja.

Anasomeka chingwe, anadina batani louza kompyuta kuti iyakire pa kofiirako, n'kupinda manja. Galasi linawala. Zonse zinali m'malo mwake, ngakhale chithunzi cha nkhuku zawo.

A Elifas atatsegula mawu aja, a Sixpence anayamba ndi kutsokomola, monga mwa masiku onse. "Mukatsike pa Lizulu, mukafunse a Nachisale, mlongo wanga, kuseri kwa chigayo. Koma ana angawa sangapite. Kaya Dorah. Ameneyo ndi wamakani ngati ine."

Dorah anaseka misozi ili chuchuchu, n'kupempha kuti abwereze katatu. Mawu a akulu akoma akagonera ndithu. Ine ndinasangalala mpaka kuiwala kuvala nsapato.

Chiedza anabwera ndi disiki yatsopano, zonse anazibwezeramo kuchokera mu kofiira kaja. Lachinayi pa foni ya a Elifas panafika uthenga wochokera ku Lizulu, mawu a gogo Nachisale: "Mwana wa achimwene wafika. Mphuno yake ndi yomweyo."

Nawonso anawakopera. Loweruka atafika ndi chitini, ndine ndinayamba kufunsa.

"Alamu, pampu yapadera ija mwailiza?"