Kandolo Amene Anabwerera ku Mindolo

Ndinakwera minibasi ya ku Parklands nditanyamula dengu la kandolo, ndiye kuti mbatata, ndi anyezi za m'munda mwanga, pamwamba nditaphimba ndi chibwabwa, masamba a maungu. Inali mphatso ya mdala wina wachimwenye amene ndinamukonzerako magetsi nditapuma ntchito ya mumgodi. Kuyambira pamenepo ankandibwereka buku Loweruka lililonse. Kwa ine wolekezera giredi seveni, shelefu yakeyo ndiyo inali sekondale yanga.

Ndinali nditangomaliza buku lonena za dharma, ndipo ndinkadziona ngati mphunzitsi. Amwenye sadya nyama, basi. Kandolo ndi nyama ngati?

Mdalayo anavundukula dengu. Mkazi wake anasuzumira, n'kubwerera kukhitchini. Kenako mdalayo anandiuza mofatsa kuti iwo ndi Ajaini, sadya chomera pansi pa nthaka, chifukwa ukazula muzu wapha chomera chonse pamodzi ndi tizilombo tokhala m'dothimo. Mumtima ndinati Loweruka langa lathera pompa, chitseko ichi sichidzanditsegukiranso.

Pofuna kudzipulumutsa ndinayamba kulakatula zimene ndinaloweza: kuti kwa Ahindu dharma ndi udindo wa munthu pa malo ake, kwa Abuda ndi chiphunzitso cha mmene zinthu zilili. Pa Ajaini ndinakakamira, poti mutu umenewo ndinaudumpha, unali ndi zilembo zing'onozing'ono.

Anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati kwawo chachikulu ndi kusavulaza chamoyo chilichonse.

"Ndipo mlendo wobwera ndi mphatso nayenso ndi chamoyo," anatero. "Masambawa tilandira."

Anatola chibwabwa chophimbira chija ndi manja awiri, ngati ndicho ndinabweretsa. Potuluka anandipatsa buku lomwe lija, atapinda tsamba pa mutu umene ndinadumpha.

Ndinabwerera kwathu ku Mindolo dengu likulemerabe. Mayi woyandikana nane nyumba, wa ku Chipata, wolera zidzukulu zinayi, anali kuyanika zovala pawaya. Anandifunsa ngati malonda avuta. Ndinamufotokozera zonse, zipembedzo zitatu zija osasiyapo chimodzi. Anamvetsera, chopanira zovala chili kukamwa, kenako anachilavulira m'dzanja.

"Aneba, mabuku onsewo, kufunsa munthu chimene amadya kunakukanikani? Tulani pano dengulo. Ngati dharmayo ndi udindo, wanga ukubwera kuchokera kosewera pa thwelofu, uli ndi njala."