Tsiku Limene Ndinakaniza Majezi

Nkhondo ya azungu ili mkati, ine ndinkachapa majezi a timu ya mpira ya anthu a ku Nyasalande ku Makokoba, lokeshoni ya ku Bulawayo. Amuna anga ankasewera kumbuyo, ndipo mwendo wawo unali wolemera ngati munsi. Lamulungu lina analimbirana mpira ndi mnyamata wa timu ya Amandebele, yemwe ankadya za ngolo yokankha yogulitsira nkhuni. Kuthyoka kwa fupa la mnyamatayo kunamveka mpaka pamene tinaima amayi.

Abale a wovulalayo anati akasuma ku ofesi ya lokeshoni. Ife obwera tinkadziwa mathero ake: munthu wakunja akatchedwa wandewu, ankamulanda chiphaso n'kumukweza sitima, banja n'kutsala lopanda nyumba.

Akuluakulu a timu anakumana, ndipo zimene anagwirizana zinandinyansa. Akuti timu sithyola mwendo, amathyola ndi munthu, choncho mlandu ndi wa amuna anga okha. Amuna angawo, ofatsa mpaka kupusa, anangovomera. Ine ndinapsa mtima. Anthu omwewa, amuna anga akatchinga chigoli, ankakuwa kuti tawina. Lero fupa lathyoka, aliyense wayang'ana kumbali.

Loweruka ndinachapa majezi monga mwa masiku onse, kusita, kupinda, kuika m'bokosi lachitsulo. Lamulungu m'mawa ndinakhala pabokosipo. Anabwera kaputeni wa timu, munthu wakwathu.

"Alamu, majezi aja."

"Ali pansi pangapa, alamu. Muvala, koma osati kubwalo. Mupita nawo kwa eni mwana uja, nonsenu."

"Hayi bo, mayi! Izi ndi nkhani za amuna."

"Ndani anauza amuna anga kuti mnyamata uja asadutse zivute zitani? Ndinakumvani ndi makutu angawa. Ndipo jezi imene anavala ndi ya timu, si yawo."

Anachoka, kunabwera ena, awa kunyengerera, awa kuopseza. Sindinasunthe. Mantha ndinali nawo, sindibisa, koma sitima ndinkaiopa kuposa iwo. Kwathu munthu akalakwa sapita yekha kukapepesa, amaperekezedwa ndi abale ake. Amalume tinawasiya kumudzi, ndiye ku Bulawayo abale anali timuyo.

Nthawi ya masewera inadutsa ine ndili pabokosi. Dzuwa litapendeka kaputeni anabweranso, nkhope ili gwa, n'kunena kuti, "Tsegulani."

Anayenda pamzere atavala majezi, ine pambuyo nkhuku ili m'khwapa, anthu akutiseka m'makomo. Titafika, amalume ake a mnyamatayo, bambo wa ndevu zoyera, anatisiya tikhale pansi kanthawi. Kenako anafunsa m'Chindebele kuti wathyola mwana wawo ndani. Amuna anga anayamba kudzuka, koma kaputeni anawakoka jezi n'kuwakhazika pansi.

"Yithi, baba. Ndife tonse," anayankha kaputeniyo.

Anagwirizana kuti osewera azikankha ngolo ya nkhuni mosinthana mpaka mwini wake atachira, kuti ana ake asagone ndi njala. Ku ofesi sikunapite munthu, ndipo amuna anga sanakwere sitima.

Mnyamatayo anachira, koma motsimphina, ndipo mpira sanaugundenso. Timu inaiwala msanga, monga amachitira anthu a mpira. Koma zaka zonse zimene tinakhala m'nyumba ija, ngoloyo ikamveka kulira pamsewu, amuna anga ankasiya chilichonse chimene akuchita n'kukathandiza kuikankha mpaka itakwera chitunda.