Mphepo ya Kwawo kwa Achemwali

Chaka chimene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, ana anadzaza m'makalasi mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo aphunzitsi ambiri tinalembedwa ntchito mwachangu. Ndinachoka kwathu ku Ntchisi ndi mphasa, ndowa ndi chikwama chimodzi, n'kukayamba ntchito pa sukulu ina ya m'boma la Dowa, chakum'mawa kwa Mponela. Nyumba za aphunzitsi zinali zitadzaza kale, choncho ndinapeza chipinda cha lendi kuseri kwa sitolo ina pa kamsika ka pamenepo.

Eni sitoloyo anali bambo wachisilamu wochokera ku Nkhotakota, munthu wofatsa, wosachulutsa mawu. Ankapita ku Dar es Salaam kukapikula zitenje ndi ziwiya, ndipo akazi awo anakumana nawo komweko. Koma mayiwo sanali a mumzindawo ayi. Anabadwira pa chilumba cha Pemba, pakati pa nyanja yamchere. Ankandiposa zaka zochepa chabe, ndiye ndinkawatchula kuti achemwali. Iwo ankandiitana kuti aphunzitsi, ngakhale tikutsuka mbale pamodzi pa thandala. Chichewa ankachilankhula bwino ndithu, kungoti mawu ena ankawakoka ngati akuimba.

Masiku amenewo wailesi ya pa kauntala inkangokhalira za ndale. Amuna ankadzaza pakhonde la sitolo kutsutsana za zipani, aliyense kukweza mawu chifukwa tsopano zinali zololedwa. Achemwali anali ndi kawailesi kawokawo kamene amuna awo anawagulira kuti asamalimbirane. Dzuwa likapendeka, atatha kupemphera, ankakatulutsa kuseri, n'kumangirira kawaya kuchokera pa mlongoti wake kukafika pa waya woyanikapo zovala. Kenako ankakhala pa mpando wa ndalema n'kumapotokola pang'onopang'ono. Ine ndinkangomva kusokosera basi, ngati mvula pa malata, ndi mawu a munthu akubwera n'kumathawa.

"Kodi m'phokoso limeneli mumamvamo chiyani?" ndinawafunsa tsiku lina ndikuchokera ku sukulu.

"Khalani chete kaye," anatero, khutu lili pa wailesi. Munthu wa m'wailesiyo atamaliza kulankhula, achemwali anaizimitsa n'kupuma mozama. "Akunena za nyengo ya kwathu. Mphepo ikuchokera kuti, mafunde atalika bwanji, mvula igwa kapena ayi. Bambo anga ndi msodzi, aphunzitsi. Ali ndi ngalawa yoyenda ndi thanga, chinsalu chachikulu chokoka mphepo. Mphepo ikakhala yabwino ndimadziwa kuti adya nsomba. Ikakhala yoipa ndimadziwa chopempherera."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkakhala nawo pomvera, ndikuchonga makope a ana pa miyendo. Anandiphunzitsa kuti kwawo chaka chimagawika ndi mphepo ziwiri. Yochokera kumpoto, imene ankaitcha kaskazi, imabwera ndi kutentha. Yochokera kummwera, kusi, imayamba mvula yaikulu ikamagwa ndipo imautsa nyanja kwa miyezi. Ndinawauza kuti imeneyo ndi mwera wathu yemweyu, amene amasasula udzu pa madenga mu Juni. Anavomera, koma anati mwera wa kuno ndi wouma, umang'amba milomo, pamene wa kwawo umasiya mchere pakhungu.

Zina zimene ankanena sindinkazikhulupirira. Ankati nyanja ya kwawo imaphwa tsiku lililonse, madzi n'kubwerera kutali, ngalawa n'kutsala zitagona pa mchenga, ndipo amayi amayenda pamene panali madzi kukatola nkhono ndi kanyama kena kofewa ka miyendo isanu ndi itatu. Kenako madzi aja amabweranso okha. Ine amene ndinakulira m'mapiri, nyanja yathu yomweyi ndikungoionera patali kukacha bwino, ndinkaseka.

"Achemwali, madzi angachoke okha osawatunga munthu?"

"Inu mumaphunzitsa ana, koma simunaone kanthu," ankandiyankha choncho, nawonso akuseka.

Amayi a pamsika ankawaseka pa chifukwa china. Mu Meyi kuno kumakhala kutauma, anthu akukolola chimanga, kumwamba kuli mbee. Koma wailesi ikanena kuti ku chilumba kukugwa chimvula, achemwali ankadzidzimuka n'kuyamba kuanula zovala. Ankazindikira atanyamula kale mulu wonse m'manja. Mayi wina wogulitsa tomato, wa pakamwa posatopa, ankafuula ali pa benchi yake kuti, "Thawani anthuni, mvula ya m'wailesi yafika!" Achemwali ankangogwedeza mutu n'kuyanikanso zovalazo chimodzichimodzi.

Kuzizira kwa Dowa ndiye kunkawazunza zedi. Mu Juni ankafunda zitenje ziwiri pamwamba pa juzi ya amuna awo, mapazi atang'aluka, ndipo m'mawa nkhungu ikakuta phiri ankati sakumvetsa chimene makolo athu anasankhira kukhala m'mitambo.

Munali mu Juni momwemo pamene zinthu zinasintha. Tsiku lina masana ndinawapeza atagwira wailesi ndi manja onse awiri, nkhope itagwa.

"Akuti kusi wakula kwambiri. Ngalawa zing'onozing'ono zisatuluke," anatero. "Koma bambo anga samva. Akaona kuti m'nyumba mulibe ndiwo amapita basi."

Mawa lake wailesi inakana kugwira. Tinasintha mabatire, tinasuntha waya, koma munkangotuluka phokoso. Kunja mwera unkaomba mwamphamvu, fumbi ndi makoko a chimanga zili m'mwamba. Ndinawauza kuti tikwere kaphiri ka kuseri kwa sukulu, mwina pamwamba ingagwire. Tinakwera, iwo akupuma movutikira chifukwa sanazolowere zitunda, mwana wawo wamng'ono ndili naye kumsana ine. Pamwamba penipeni mawu anamveka. Ndinaona achemwali akukhala pansi pa mwala, pang'onopang'ono.

"Akuti chiyani?"

"Ngalawa zina sizinabwerere kuyambira dzulo. Za kumpoto kwa chilumba. Kwathu n'kumeneko." Anayang'ana wailesiyo. "Sakutchula mayina. Bwanji sakutchula mayina?"

Ndinangokhala nawo pa mwalapo mpaka mwana atayamba kulira chifukwa cha mphepo, ndiye tinatsika.

Kumudzi kwawo kunalibe lamya. Azakhali awo a ku Dar es Salaam anali ndi mnansi amene anali nayo, koma titapita ku positi kukayesa, sinalowe. Tinayesanso tsiku lina, chimodzimodzi. Achemwali anasiya kudya. Ankaphikira banja n'kukhala pambali, manja ali pamiyendo.

Imeneyo inali nyengo imene sitolo imayenda malonda, alimi atagulitsa fodya, aliyense akufuna chitenje cha mkazi, poto watsopano, tayala la njinga. Wamalonda sachoka pa kauntala nthawi ngati imeneyo. Koma m'mawa wina ndinamva bambo aja akulankhula ndi akazi awo pakhomo la khitchini, motsitsa mawu monga mwa chizolowezi chawo.

"Ndipita ndikaone ndekha. Pali lole ikupita kumpoto lero."

"Nanga sitolo?"

"M'sitolo muli inu. Aphunzitsi akaweruka azikuthandizani." Anatembenukira kwa ine. "Si choncho, aphunzitsi?"

Ndinavomera. Ananyamula kachikwama ndi kapeti yawo yopempherera, n'kupita kumsewu.

Masabata amene anatsatira anali aatali. Ndikaweruka ndinkaima pa kauntala kuyeza mchere ndi kudula sopo, achemwali akupinda nsalu zopindapinda kale. Amuna a ndale aja anachepetsa phokoso pakhonde okha, popanda wowauza. Amayi a pamsika anayamba kubwera kuseri, wina ndi mtolo wa nkhuni, wina ndi mbatata yowotcha, n'kukhala pa mphasa osalankhula zambiri, monga timachitira pakakhala matenda. Mayi wa tomato uja anabwera tsiku lina nthawi ya wailesi, n'kudikira mpaka itatha.

"Lero akuti bwanji kwanuko?" anafunsa, ndipo m'mawu mwake munalibe chipongwe.

"Akuti mphepo yatsika pang'ono."

"Chabwino. Ndiye mudye kambatataka."

Ndipo tsiku limenelo anadyadi.

Bambo aja anabwera masana ena dzuwa lili paliwombo, ali mbuu ndi fumbi, opanda katundu wa malonda. Ine ndinali nditangofika kumene kuchokera ku sukulu. Achemwali anawaona akutsika njinga ya kabaza ndipo anaima pakhomo, osathamanga, osafunsa. Amuna awo sanadikire ngakhale madzi akumwa.

"Ali moyo," anatero. "Ndawaona ndi maso angawa. Ndadya nawo."

Achemwali anagwira chitseko. Tinalowa tonse m'nyumba, bamboyo n'kukhala pansi kufotokoza. Anati ku Dar es Salaam azakhali aja sankadziwa kanthu, ndiye anakwera sitima ya pamadzi kupita ku chilumba, akusanza njira yonse mpaka kuganiza kuti afera momwemo. Atafika kumudzi anawapeza apongozi awo atakhala pamthunzi, akusoka ukonde wa munthu wina.

"Panyanja sanapite tsiku limenelo?" anafunsa achemwali.

Amuna awo anazengereza. "Panyanja anasiya kalekale kupita. Maso achita ng'ala. Amangoona zithunzithunzi, ukonde amasoka mopapasa. Ngalawa anagulitsa mwana wathuyu asanabadwe."

Mwanayo nthawi imeneyo anali akuyenda kale.

"Anagulitsa?"

"Anagulitsa. Amayi anu anati asakuuzeni, kuopa kuti mungamadandaule muli kutali."

Achemwali anayamba kuseka, kuseka kosakoma, kenako kunasanduka kulira. "Ndiye masiku onsewa ine ndakhala ndikuopera ngalawa ya eni ake? Bambo anga akuchita khungu, ine ndili kuno kumvera mphepo! Andisandutsa mlendo. Aliyense kumudzi akudziwa, ine mwana wawo ayi."

Amuna awo anawasiya alire. Atatonthola pang'ono anawauza zotsala. Amene anamira anali a mudzi woyandikana nawo, ndipo mmodzi anali mwamuna amene achemwali anaphunzira naye ku madrasa, sukulu ya chisilamu, ali ana. Anasiya mkazi ndi ana. Kenako anatulutsa m'chikwama kaphukusi ka nsalu. Munali timitengo touma tonunkhira tothira mu tiyi, timene timalimidwa pa chilumbapo. Fungo lake linadzaza nyumba yonse.

"Akuti mupite akakuoneni maso asanatsekeretu," anatero bambowo. "Ndawalonjeza kuti mphepo ikagwa mupita."

Kwa masiku angapo kawailesi kaja sikanatuluke. Ndinaganiza kuti basi, nkhani yake yatha. Koma Loweruka lina ndikuchapa ndinawaona akumangiriranso kawaya kaja.

"Mukumverabe?" ndinafunsa.

"Amene anagula ngalawayo ndi mwana wa mnansi wathu," anatero. "Nayenso ali ndi ana. Ndipo ndiyenera kudziwa tsiku limene nyanja idzandilole kuwoloka."

Ananyamuka kumayambiriro kwa Okutobala, kutentha kutayamba, mitengo ya m'phiri itaphuka masamba ofiira. Ndinawaperekeza mpaka pa Mponela, mwana ali kumsana kwawo, m'thumba muli mtedza ndi nyemba zimene amayi a pamsika anasonkha kuti akapatse makolo awo. Basi isanafike anandifunsa chimene ndikufuna adzanditengere. Ndinaganiza za chitenje, koma pakamwa panga panatuluka zina.

"Madzi a m'nyanjamo. Pang'ono chabe, m'botolo. Ndikawauza ana kuti kuli nyanja yamchere amandiyang'ana ngati ndikunama."

Anakhalako mpaka mvula itayamba kuno. Anabwera chimanga chili m'maondo, atada ndi dzuwa, atanenepa pang'ono, akulankhula mofulumira moti Chichewa chinkasakanikirana ndi chakwawo. Anati bambo awo anawazindikira ndi mayendedwe asanalankhule n'komwe, ndipo mdzukulu wawo anamupapasa nkhope yonse mpaka mwanayo kulira. Anati ndi amayi awo anakangana tsiku loyamba lomwelo, mokweza, anansi akumva, kenako anagona pa mkeka umodzi. Anagwirizana kuti kuyambira pamenepo aziwauza zonse, zabwino ndi zoipa zomwe, kudzera kwa madalaivala a malole amene ankadutsa pa Mponela. Anakaonanso mkazi wamasiye uja, ndipo za iyeyo sanafune kunena zambiri.

Botolo analitenga. Linali la mankhwala a chifuwa, lotsukidwa bwino, atalitseka ndi pulasitiki n'kumanga ndi ulusi. Pansi pake panali timchenga toyera.

Lolemba ndinapita nalo ku sukulu. Kalasi langa linali pansi pa mtengo wa mkuyu, ana osawerengeka atakhala pa miyala ndi pa masaka. Ndinathira madziwo m'mbale, n'kuwauza kuti afole, aliyense aviike chala alawe. Ena anakwinya nkhope, ena analavula, ena anabwerera kumbuyo kwa mzere kuti alawenso. Mtsikana wina wamtali, amene anayamba sukulu ali wamkulu kale, analawa n'kundiyang'anitsitsa.

"Aphunzitsi, mwathiramo nokha mchere kunyumba."

Madzulo ndinawafotokozera achemwali tikusadzula nkhwani. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi m'mphepete mwa mpango, kenako anati ndimutumize mtsikanayo kusitolo akamufotokozere okha. Anapitadi mawa lake ndi anzake awiri, ndipo anakhalako mpaka mayi ake atabwera kudzamufuna.