Chiboliboli cha a Reinford

A Reinford ndi munthu wabwino, ndiyambe ndatero, kuopa ena angaganize kuti ndimadana nawo. Amayang'anira magalimoto ku bungwe lina la mayiko ambiri kuno ku Nairobi, ndipo amakhala ku Rongai, pansanjika yachitatu. Mowa samwa, kutchalitchi sajomba. Vuto lawo ndi limodzi lokha: makutu awo ndi okongoletsa mutu basi.

Chaka chatha bungwe linawatumiza ku Finland kumsonkhano wa sabata imodzi. Za msonkhanowo palibe chimene tinamva. Iwo anabwera ndi chithunzi cha chiboliboli chimene anachiona m'kapaki kena: bambo wachitsulo atakhala, kabuku pabondo, mutu atapendeketsa ngati akumvetsera. Akuti bamboyo ankayenda midzi ya kwawoko n'kumalemba nyimbo ndi ndakatulo za anthu wamba, ndiye dziko linamuthokoza pomuumba. Kuyambira tsiku limenelo a Reinford matenda anawalowa. Anagula kabuku kachikopa, n'kulengeza kuti asonkhanitsa nyimbo zamakolo za Amalawi a mu Nairobi, ndipo anayamba kukhala mopendeketsa mutu ngakhale m'minibasi, zimene kuno amati matatu.

Akazi awo, a Rosina, ndi mnzanga wa ponda apa nane mpondepo. Anasiya uphunzitsi ku Zomba kutsata banja, ndipo zaka zinayi anangokhala m'nyumba kuwerenga matatu pawindo. Mwana wawo Watipa atapita kusukulu yogonera, nyumba inangoti zii. Akati alankhule, bambo amayankha kuti "eya, eya" maso ali pafoni. Mwezi wa Meyi a Rosina anandiuza, osalira n'komwe, kuti Ogasiti akafika bamboyo asanawamve, iwo abwerera ku Zomba ndipo sadzabweranso.

A Reinford sankadziwa kanthu. Iwo anali pakalapakala kufuna nyimbo. Anatiitana amayi anayi a kutchalitchi, n'kutikhazika pasofa kuti tiimbe nyimbo za pamtondo. Ine ndinawauza kuti nyimbo ya pamtondo siituluka munthu atakhala pasofa ndi kapu ya tiyi. Loweruka lotsatira anabwera ndi mtondo ndi misi iwiri kuchokera kumsika wa Kariokor, mtondowo utakhala pampando wakewake m'matatu. Titangoyamba kusinja mtedza, mayi wa nyumba yapansi anakwera akupuma wefuwefu kudzafunsa ngati tikugumula nyumba. Tinasamukira padenga, pamene amayanika zovala, ndipo miyezi iwiri Amalawi a ku Rongai mpaka ku Buruburu anadya ndiwo zotendera chifukwa nsinjiro zinalibe kopita.

Chimene a Reinford anaiwala, kapena sanachidziwepo, n'chakuti pamtondo mkazi saimba za makolo. Amaimba za mwamuna wake. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye a Rosina anagwira musi n'kuyamba:

Ndinakwatiwa ndi mwala, amayi,
mwala wovala tayi.
Ndikati mutu ukuwawa,
uti bwereza ndilembe.

Ife tinavomera, misozi ya kuseka ili mbwembwembwe. A Reinford analemba mwachangu, atakhala pachidebe, tayi ili pakhosi. Kenako anatifotokozera kuti nyimboyi ndi ya nthawi ya atsamunda, umboni wake ndi tayiyo, ndipo mwamuna wotchulidwayo ayenera kuti anali kalaliki wa kwa DC, munthu wouma mtima. Anapukusa mutu pomumvera chisoni mkazi wa kalalikiyo. Ine ndinaluma nsalu kuti ndisaphulike, koma nditaona nkhope ya a Rosina kuseka kunandithera. Zinandiwawa.

Loweruka lililonse nyimbo inkakula ndi ndime yatsopano, ndipo a Reinford ankasangalala kuti akazi awo akukumbukira pang'onopang'ono.

Pa 6 Julaye Amalawi tinasonkhana masana pabwalo lina ku Kitengela kukondwerera ufulu. A Reinford anapempha mphindi zisanu, ndipo tonse tinadziwa kuti ndi makumi atatu. Anayamba ndi chiboliboli cha ku Finland, n'kuyendetsa chithunzi chija mzere ndi mzere. Anati sakupempha kuti awaumbe, koma ngati mtundu utaganiza zotero iwo sangakane. Kenako anatsegula kabuku kuwerenga nyimbo ya mkazi wa kalaliki. Amayi anayamba kugwirana m'nthiti. Azibambo ena, amene akazi awo anali atawatsina kale khutu, ankangoyang'ana nsapato zawo.

Anafika pa ndime imene analemba dzulo lake:

Choko changa chili ku Zomba,
sutikesi ndapukuta fumbi.

Anaima. Anawerenganso chamumtima, milomo ikuyenda. Sutikesi yabuluu anali ataidumpha m'mawa womwewo pakhomo la kuchipinda, osafunsa kuti yatsikiranji pawodilopu. Akuluakulu anati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, ndipo tonse tinaiona ikutera.

"Amayi a Watipa," anatero, maikolofoni akadali pakamwa, "nyimbo imeneyi ndi ya chaka chiti?"

"Ya Lachiwiri lapitali, bambo a Watipa."

Anthu anaseka mpaka ena kutsika pamipando, koma kusekako sikunakhalitse. A Reinford anangoima, kabuku m'manja, mutu utapendekeka, osagwedezeka. Miyezi yonse ija ankayeserera kufanana ndi bambo wachitsulo uja, ndipo tsiku limenelo anafanana naye ndithu. Ndinawamvera chisoni, ine amene ndakhala ndikuwajeda chaka chathunthu.

Anatsika, n'kundipatsa kabuku ndi cholembera. Anakoka mpando wapulasitiki n'kukhala pafupi ndi akazi awo, anthu onse akuona.

"Yambiraninso poyamba paja," anatero. "Sindilemba."

A Rosina sanaimbe. Analankhula, motsitsa mawu, mpaka mpunga unazizira m'mbale, ndipo sindinamve "eya, eya" ngakhale kamodzi.

Ogasiti anadutsa. Masiku ano a Reinford ndi amene amayenda ndi mapepala a akazi awo m'maofesi kuti apeze chilolezo chophunzitsa kuno, ndipo za chiboliboli sazitchulanso. Kabuku kali kwa ine, mtondo mayi wapansi uja anadzalamo maluwa. Koma sutikesi sinabwerere pawodilopu. Ili pomwe paja pakhomo la kuchipinda, ndipo a Reinford amailambalala mwaulemu m'mawa uliwonse. A Rosina akuti ikhale kaye pomwepo.